Nsomba ikameza mbedza: zimene ndaphunzira powedza m'nyanja yamchere ku Durban

Munthu amene anakulira m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, monga ine wa ku Nkhotakota, savutika ndi nkhani ya mbedza, nyambo ndi chingwe, koma chimene chimamuvuta kumvetsa ndi chakuti munthu wamutu wake angakole nsomba bwinobwino kenaka n'kuibwezanso m'madzi. Kwathu mlamba ukakodwa ndiye kuti ulendo wake ndi wa mumphika, ndipo ngati wameza mbedza, mbedzayo mumakaitulutsa potumbula. Nditabwera ku Durban kudzagwira ntchito n'kuyamba kuwedza m'nyanja yamchere pa masiku opuma, ndinapeza kuti kuno kubweza nsomba zina ndi lamulo la boma, ndipo pali masiku ena pamene nsomba zonse zimene munthu wakola zimayenera kubwerera kumene zachokera. Ndalemba izi makamaka poganizira abale ochokera kumudzi amene ndimakumana nawo ku Blue Lagoon, pamathiriro a mtsinje wa Umgeni, ndi m'magombe a kummwera kwa mzindawu, amene luso lokola nsomba ali nalo lokwanira, koma lochotsa mbedza m'kamwa mwa nsomba yoti ikhalebe ndi moyo sanaliphunzirepo chifukwa kwathu silinkafunika.

Ku South Africa aliyense wowedza m'nyanja yamchere pongosangalala ayenera kukhala ndi chiphaso, malinga ndi lamulo la Marine Living Resources Act la chaka cha 1998, ndipo chiphasocho sichimulola kugulitsa zimene wakola. Mitundu yodziwika ya nsomba ili ndi msinkhu wake wololedwa komanso chiwerengero chimene munthu angatenge pa tsiku. Shad, imene imasonkhanitsa makamu a anthu pagombe m'nyengo yozizira, iyenera kufika masentimita 30, munthu amaloledwa zinayi zokha pa tsiku, ndipo kuyambira pa 1 Okutobala mpaka pa 30 Novembala siiloledwa n'komwe chifukwa ndi nyengo yake yoswana. Spotted grunter iyenera kufika masentimita 40, garrick masentimita 70, pamene kob yokoledwa munthu ataima pagombe kapena pamathiriro a mtsinje iyenera kufika masentimita 60, ndipo mumatenga imodzi yokha pa tsiku. Muyezowu umayambira kunsonga ya mlomo mpaka kumapeto a mchira. Kukhwimitsa kumeneku kunadza pambuyo poti mu Disembala 2000 boma linalengeza kuti usodzi wa mbedza uli pangozi, popeza mitundu yambiri ya nsomba inali itachepa modetsa nkhawa. Malamulowa amawunikidwanso nthawi ndi nthawi, choncho ndi bwino kuwerenga ndondomeko yatsopano pamene mukutenga chiphaso chanu.

Nsomba imene inandichititsa kuganizira nkhaniyi mozama ndi kob, imene asodzi a kuno ku KwaZulu-Natal amaitchulanso kuti daga salmon. Nsomba imeneyi imachedwa kukhwima, moti siyamba kuswana mpaka itafika pafupifupi mita imodzi, ndipo kuti ifike pamenepo pamapita zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Zaka zonsezo ana ake amakhala m'mathiriro a mitsinje ndi m'mafunde a m'mbali mwa gombe, pamalo enieni pamene ife timaponya mbedza zathu. Kadyedwe kake nakonso ndi kovuta, chifukwa ili ndi kukamwa kwakukulu ndipo imatha kuyamwa nyambo yonse kamodzi osayamba yailawa. Kob ya masentimita 45 ikameza sadini yanu pamodzi ndi mbedza, lamulo likuti ibwerere m'madzi, ndipo zimene manja anu achite m'mphindi imodzi yotsatirayo ndi zimene zingachititse kuti idzafike poswana kapena ikafere kuseri kwa mafunde.

Aliyense amene anatumbulapo nsomba akudziwa mmene ziwalo zake zinakhalira, ngakhale kuti mwina sanazilabadire. Mtima uli kutsogolo kwenikweni, m'munsi mwa makha, ziwalo zofiira zija zimene nsomba imapumira, ndipo mmero umadutsa pamwamba pake usanafike m'chifu, chiwindi chili chapafupi pomwepo. Makhawo ndi odzaza ndi timitsempha ta magazi, moti ngakhale bala laling'ono limatulutsa magazi ambiri. Mbedza ikakola pamlomo kapena pansagwada, bala lake limakhala laling'ono ndipo limapola. Ikakola kummero, nsonga yake imakhala moyandikana ndi mtima ndi chiwindi, ndipo kukoka kulikonse kumaisunthira pafupi ndi ziwalo zimenezi. Kamunga kamene kali pafupi ndi nsonga ya mbedza, koloza m'mbuyo, kanaikidwa dala kuti mbedza isatuluke, choncho mukaitulutsa mokakamiza kamang'amba mnofu wochuluka kuposa umene unabooka polowa. Nsomba yotereyi mukaiika m'madzi imatha kusambira n'kupita, mwini mbedza n'kukhutira kuti yapulumuka, chonsecho magazi akutayikira m'kati ndipo ikafa patapita maola angapo pamene palibe akuiona.

Chifukwa cha zimenezi, nsomba ikafika m'manja mwanga ndimayamba ndayang'ana m'kamwa ndisanakoke chingwe. Ndikaona mbedza yonse, kuphatikizapo pamene inakhota, ndipo ndikatha kuifikira ndi pulayazi ya milomo yaitali popanda kukhudza makha, ndimaigwira pokhotapo n'kuibweza m'njira imene inalowera. Amene anakodwapo ndi minga ya kankhande akudziwa kuti ukakoka mwamphamvu malaya amang'ambika, koma ukabwerera m'mbuyo pang'ono munga umamasuka wokha, ndipo mbedza nayo imafuna dzanja lotero: mumaikankhira m'kati pang'ono kuti kamunga kasiye mnofu, kenaka mumaipotoza kuti nsonga iloze kumene kulibe chokola, ndiyeno mumaitulutsa. Ikakana ulendo woyamba ndi wachiwiri sindilimbana nayo, chifukwa nthawi imene nsomba ili kunja kwa madzi nayonso imapha.

Ndikaona diso la mbedza lokha, kabowo komangirira chingwe kaja, kapena ndikangoona chingwe chikulowa kummero mbedza osaoneka, sindiyesa n'komwe kuichotsa. Ndimadula chingwe pafupi ndi kukamwa ndipo nsomba imapita ndi mbedza yake. Podula pali chinthu chimodzi chimene anthu ambiri amalakwitsa: amakoka chingwe kuti chilimbe n'cholinga choti adulire m'kati kwambiri, osadziwa kuti kukokako kukuzamitsa nsonga kapena kukokera chifu kukamwa. Dulani pamene sizasi yafika chingwe chili chomasuka, ndipo kachidutswa kotsalako kasakudetseni nkhawa. Powedza shad timamangirira kawaya pafupi ndi mbedza chifukwa mano ake amadula chingwe wamba, choncho pamafunika pulayazi yodulira waya, ndipo zala zanu zisalowe m'kamwa mwake ngakhale nsombayo ikuoneka yofooka.

Tsiku lina ku Winklespruit, gombe la kummwera kwa Durban, mnzanga wina wa ku Mangochi anandiona ndikudula chingwe pa grunter yaing'ono, ndipo anandifunsa modabwa kuti, “Achimwene, ndiwo mwataya, ndiye mbedza yabwinobwino mukuitayanso?” Ndinamuyankha kuti, “Ndiwozo si zanga, achimwene, boma lakana; mbedza yokha ndiyo yanga, ndipo mtengo wake sufika ngakhale pa wa buledi.” Funso lake linali lomveka, chifukwa munthu amene anazolowera kusunga mbedza imodzi nyengo yonse amaona kuti kuisiya ndi kuwononga, komanso zimaoneka ngati nkhanza kusiya chitsulo m'mimba mwa chamoyo. Koma ofufuza za usodzi a boma la New South Wales ku Australia anayesa njira ziwirizi pa nsomba yotchedwa yellowfin bream ndi ina yotchedwa mulloway, imene ndi mtundu womwewo wa kob yathu ya kuno. Anapeza kuti pa nsomba zomeza mbedza zimene anazichotsa mbedzazo, zopulumuka zinali pafupifupi 12 pa 100 zilizonse, pamene pa zimene anangodula chingwe zopulumuka zinaposa 85 pa 100 zilizonse. Anapezanso kuti bream zambiri, mpaka 76 pa 100 zilizonse, zinali zitatulutsa mbedzazo zokha patatha pafupifupi milungu itatu. Kusiyana kwa ziwerengerozi ndi kwakukulu kotero kuti, kwa ine, palibenso chokambirana.

Pagombe mumamva kawirikawiri kuti mbedza imasungunuka ndi dzimbiri m'masiku awiri kapena atatu. Aliyense amene anatolapo mbedza yakale pamiyala akudziwa kuti chitsulo sichitha msanga chotero, ngakhale m'madzi amchere. Chimene chimachitika kwenikweni ndi chakuti bala limamasuka pang'onopang'ono ndipo nsomba imalavula mbedzayo kapena kuitulutsa, ndipo dzimbiri limangothandizira podya nsonga ndi kamunga. Pachifukwa chimenechi ndinasiya kugula mbedza zonyezimira za stainless steel, zimene sizichita dzimbiri, ndipo ndimagula za chitsulo wamba, makamaka zopyapyala ngati sindikuyembekezera nsomba yaikulu. Zimafuna kutsukidwa ndi madzi a pampopi ndi kuumitsidwa mukabwerera kunyumba, koma ntchito imeneyo ndi yochepa.

Pali njira ina imene ndinaonapo asodzi ozolowera akuigwiritsa ntchito pa nsomba zikuluzikulu, yolowetsa pulayazi kudzera m'mbali, pansi pa chivindikiro cha makha, kuti atembenuze mbedza yomwe yakola polowera kummero. Ikachitika ndi dzanja lodziwa imatheka, koma pa nsomba yaing'ono mpata ndi wochepa ndipo kuphonya pang'ono kumang'amba makha, choncho sindilangiza munthu woyamba kumene kuti aiyese.

Chovuta kwambiri ndi pamene mbedza yakola m'makha ndipo magazi akutuluka kale. Ngati nsombayo yafika msinkhu wololedwa, nyengo yake ndi yotsegula ndipo chiwerengero changa cha tsikulo sichinakwane, imeneyo ndiyo ndimatenga, ndipo ndimaipha msanga poimenya mwamphamvu pamwamba pa maso kuti isazunzike pamchenga. Ndinazolowera kuti malo a m'chikwama changa ndiziwasungira nsomba zovulala, ndipo zimene zakola pamlomo ndizizibweza ngakhale zili zazikulu, chifukwa zimenezo ndizo zili ndi mwayi wonse wokhala ndi moyo. Ngati nsombayo ndi yaing'ono kapena nyengo yake ndi yotseka, iyenera kubwerera m'madzi ngakhale mukuona kuti mwayi wake ndi wochepa, popeza kupezeka nayo ndi mlandu ndipo woyang'anira za usodzi sadzamva zoti inameza mbedza. Anthu ena amati lamuloli ndi lowononga chakudya, koma ine ndimaona kuti likanapereka mpata, nsomba iliyonse yaing'ono ikanakhala yoti inameza mbedza. Chimene mungachite mukaona kuti ana a nsomba akungomeza nyambo motsatizana ndi kusintha mbedza kapena kusamuka pamalopo, chifukwa kupitiriza ndi kupha nsomba zimene simudzadya.

Apa ndi pamene ndinazindikira kuti nkhani ya nsomba yomeza mbedza imayamba munthu asanaponye chingwe. Asodzi ambiri a m'mphepete mwa nyanja amazika paipi mumchenga, n'kuimikamo ndodo, iwo n'kukhala pansi kumacheza. Chingwe chimalendewera, nsomba imapeza nthawi yonse yomezera nyambo, ndipo pamene mwini wake akuthamangira ndodo imene yayamba kugwedezeka, mbedza imakhala itafika kale m'chifu. Ine ndimagwira ndodo m'manja, chala chili pachingwe, ndipo ndimaonetsetsa kuti pakati pa ine ndi mtovu wolemetsa chingwe palibe polendewera. Grunter ndiyo imafuna tcheru chachikulu, chifukwa mwachibadwa imadya popemerera madzi m'maenje a tinkhanu ndi prawn (tinyama ta chigoba ta m'gulu la nkhanu) mumchenga n'kuyamwa chimene chatuluka, choncho nyambo yaing'ono imadutsa milomo yake mofulumira kwambiri. Kukula kwa mbedza nakonso ndi kofunika, popeza mbedza yaing'ono imamezedwa ndi nsomba iliyonse, pamene yokulirapo imalepheretsa ana a nsomba kumeza ndipo imakolabe nsomba ya msinkhu umene mukufuna.

Chimene chinasintha zinthu koposa pa usodzi wanga wa nyambo ndi mbedza yozungulira, imene m'masitolo amaitchula kuti circle hook. Nsonga yake inapindikira m'kati n'kuloza kumsana kwa mbedza, moti nsomba ikaimeza n'kuyamba kusambira, mbedzayo imatsetsereka kuchokera kummero osakola kanthu, ndipo ikafika pangodya ya kukamwa imatembenuka n'kukola pansagwada. Kuti izi zitheke pali zinthu zitatu zofunika kuzisamala. Choyamba, simugwedeza ndodo mwamphamvu pofuna kukola monga timachitira ndi mbedza wamba, chifukwa mukatero mumaisolola m'kamwa isanatembenuke. Mumangolola chingwe kulimba, n'kuyamba kukulunga mwapang'onopang'ono, ndipo ndodo ikapindika ndiye kuti yakola. Chachiwiri, nsonga ndi mpata umene uli pakati pa nsonga ndi msana zisakwiririke ndi nyambo. Chachitatu, pogula muziika mbedzayo patebulo kuti muone ngati yagona mowongoka, chifukwa zina anazipanga nsonga yopatukira pambali, ndipo zoterozo zimatha kukola kummero monga mbedza wamba. Dzanja lozolowera kugwedeza ndodo limatenga nthawi kuti lileke, ndipo poyamba mudzaphonya nsomba zingapo chifukwa cha chizolowezi chimenechi.

Za kuphwanya kamunga ndinaphunzira kwa bambo ena achikulire amene makolo awo anachokera ku India, monga alili asodzi ambiri a m'magombe a Durban. Iwo sankagula mbedza zapadera zopanda kamunga, ankangotenga mbedza wamba n'kufinya kamungako ndi pulayazi mpaka kagone, ndipo inenso ndimachita chimodzimodzi. Mumagwiritsa ntchito mbali yosalala ya pulayazi, mumafinya pang'onopang'ono, ndipo pamatsala kachotupa kakang'ono kamene kamathandizabe kugwira nsomba koma sikang'amba mnofu potuluka. Pofuna kutsimikiza, booletsani mbedzayo pansalu n'kuibweza, ndipo ikatuluka osakoka ulusi ndiye kuti yakonzeka. Ntchitoyi muzichitira kunyumba musanamange mfundo, chifukwa mbedza zina ndi zouma kwambiri ndipo zimathyoka pofinya, choncho ndi bwino kuti ithyoke musanataye nthawi kuimangirira. Pa mbedza zikuluzikulu zimene pulayazi ikulephera, tupa yaing'ono imagwira ntchito.

Funso limene aliyense amafunsa ndi lakuti kodi kamunga kakaphwanyidwa, nsomba sizipulumuka pambedza n'kuthawa. Zina zimapulumukadi, ndipo amene akunena kuti palibe kusiyana kulikonse sakunena zoona zonse. Mbedza yopanda kamunga imagwira pokhapokha chingwe chikakhala cholimba, ndipo m'nyanja yamchere pali nthawi zingapo pamene chingwe chimamasuka ngakhale mwasamala. Yoyamba ndi pamene funde lomaliza likukankhira nsomba kumapazi anu mofulumira kuposa mmene mukukulungira. Pamenepo muyenera kubwerera chafutambuyo mofulumira, ndodo ili yopindika, mpaka fundelo litasiya nsomba pamchenga wonyowa. Ina ndi pamene shad yafika pamwamba pa madzi n'kumapukusa mutu, kapena pamene mukunyamula nsomba kuchokera pansi pa thanthwe. M'malo oterewa ndatayapo nsomba zimene mwina kamunga kakanazigwira. Komabe ndinaona kuti mbedza yozungulira yophwanyidwa kamunga siitaya nsomba kawirikawiri, chifukwa kupindika kwake kumazinga nsagwada, ndipo mbedza yopanda kamunga imaboola mosavuta popeza palibe chotchinga polowa. Ndikayika pamlingo nsomba zochepa zimene zapulumuka ndi kufulumira kwa kumasula zimene ndiyenera kubweza, sindiona chifukwa chobwerera ku kamunga.

Nkhawa ina ndi ya nyambo, yakuti iziguluka poponya. Kuno nkhawa imeneyi ilibe mphamvu kwenikweni, chifukwa sadini, chokka (nyama ya m'nyanja imene pa Chingerezi amati squid) ndi prawn timazimanga kale ndi ulusi wotanuka wa nyambo kuti zipirire kuponya kwakutali ndi mafunde, ndipo ulusiwo ndiwo umagwira nyambo, osati kamunga. Pa nyambo yamoyo, monga kansomba kowedzera garrick, kachidutswa kakang'ono ka mphira kobooledwa pambedza pambuyo pa nyamboyo kamaletsa kuti isaguluke. Pa zitsulo zonyezimira zokopera shad, zimene zimabwera ndi mbedza ya nsonga zitatu, ndimachotsa mbedzayo n'kuikapo ya nsonga imodzi yophwanyidwa kamunga, chifukwa ya nsonga zitatu imatha kutseka kukamwa konse, kubaya diso, kapena kukola makha pamene nsonga ina yakola mlomo.

Musayembekezere kuti kuphwanya kamunga kuletsa nsomba kumeza, chifukwa zimenezo ndi ntchito ya mbedza yozungulira, ya kukula kwa mbedza ndi ya tcheru chanu. Phindu la kuphwanya kamunga ndi lakuti bala limachepa, kumasula kumatenga kanthawi kochepa, ndipo mbedza zambiri zimene zakola chakumbuyo kwa kukamwa, zomwe zikanafuna kudula chingwe, zimatuluka ndi kupotoza kumodzi kokha. Koma ngati yalowa mpaka yosaoneka, ndimadulabe chingwe ngakhale ndikudziwa kuti ilibe kamunga, chifukwa kufufuza ndi chitsulo kumene maso sakuona ndi kumene kumabaya mtima, ndipo mbedza yopanda kamunga nsomba idzailavula mosavuta kuposa yokhala ndi kamunga.

Pali phindu linanso limene limakhudza thupi la msodzi mwini. Nyengo ya shad ikafika, m'miyezi ya Juni ndi Julayi pamene sadini nazo zikukwera m'mphepete mwa gombe la kummwera, anthu amaima mapewa atagundana pamathiriro a mtsinje wa Umgeni kusanache, aliyense akuponya mumdima. Ndinaonapo mnyamata wina mbedza ya mnzake itamulowa m'chikhatho mpaka kamunga kubisika, ndipo panalibe amene akanaitulutsa pomwepo popanda kumung'amba. Anadula chingwe n'kupita naye kuchipatala mbedza ili m'dzanja. Mbedza yophwanyidwa kamunga ikakubayani imatuluka m'njira imene inalowera, ndipo chotsala ndi kutsuka balalo bwino ndi kuonetsetsa kuti katemera wanu wa kafumbata sanathe mphamvu. Ikalowa pafupi ndi diso kapena pamtsempha, musaikhudze, pitani kuchipatala. Kwa amene mumapita kunyanja ndi ana, chifukwa chimenechi chokha ndi chokwanira.

Kuchotsa mbedza bwino sikupindula kanthu ngati nsombayo yagwiridwa mosasamala. Khungu lake lili ndi zoterera zimene zimaiteteza ku matenda, ndipo manja ouma, thaulo louma kapena mchenga wotentha zimachotsa zoterera zimenezi pamodzi ndi mamba. Ndimanyowetsa manja ndisanaigwire, ndimagwirira ntchito pamchenga wonyowa pamene funde langochoka kumene, ndipo ndimaika kansalu konyowa pamaso pake chifukwa ikaphimbidwa maso imaleka kuphiriphitha. Pulayazi, sizasi ndi tepi yoyezera zimakhala m'chiuno mwanga, osati m'chikwama chimene chili patali, popeza nthawi yochuluka imatayika pofunafuna zida nsomba ili gone. Ndimayesetsa kuti isakhale kunja kwa madzi kupitirira theka la mphindi, ndipo ngati ntchito ikutalika ndimaiviika m'chidebe cha madzi a m'nyanja kapena m'thamanda la pakati pa miyala kuti ipume kaye. Poinyamula, dzanja limodzi likhale pansi pa mimba lina pamchira, thupi lili chogona, ndipo musailendewetse pachingwe, pansagwada kapena polowetsa zala m'makha, makamaka ngati ndi yolemera.

Poibweza musaiponye kuchokera patali. Lowani nayo m'madzi ofika m'maondo, muigwire chilili mutu utaloza kumene madzi akuchokera kuti azilowa m'kamwa n'kutulukira m'makha, ndipo muidikire mpaka itayamba kumenya mchira yokha. Nsomba imene yalimbana nthawi yaitali imatopa kwambiri, ndipo mukaisiya isanapeze mphamvu funde lotsatira limaibwezera pamchenga kapena kuimenyetsa pamiyala. Ichi ndi chifukwa chake chingwe chopyapyala kwambiri, chimene chimatalikitsa kulimbana, si chabwino kwa nsomba yoti ibwerere. Shaki zing'onozing'ono ndi stingray, nsomba zaphwatalala za mchira wautali, zimakodwanso kawirikawiri m'nyengo yotentha, ndipo zimenezi ndi bwino kuzimasulira m'madzi osaya osazikokera kumtunda. Stingray ili ndi munga wa ululu pamchira, choncho muziima kutsogolo kwake, musalowetse zala m'mabowo opumira amene ali kuseri kwa maso ake, ndipo mbedza ikakhala patali dulani chingwe msanga.

Umboni wakuti nsomba yobwezedwa mosamala imakhaladi ndi moyo uli pafupi nafe. Bungwe la Oceanographic Research Institute, limene lili ku uShaka Marine World kuno ku Durban, lakhala likuyendetsa ntchito yoika zizindikiro pa nsomba kuyambira chaka cha 1984, mothandizana ndi asodzi wamba amene analembetsa, ndipo nsomba zambiri zoikidwa zizindikirozi zakodwanso patapita miyezi kapena zaka, zina kutali ndi kumene zinamasulidwa. Chizindikirocho ndi kapulasitiki kowonda, kawirikawiri kachikasu, kobayidwa pafupi ndi chipsepse cha pamsana, ndipo nthawi zambiri kamakhala kataphimbidwa ndi ndere moti kamaoneka ngati kaudzu komata pathupi. Mukakola nsomba yotere, palani nderezo ndi chikhadabo, lembani nambala yake, mtundu wa nsomba, tsiku, malo ndi utali wake, kenaka mutumize zimenezi ku bungweli. Ngati mukuibweza m'madzi, chizindikirocho musachizule, kuti amene adzaikole pambuyo panu adzathenso kuwerenga nambalayo.